Mtengo ukukwera, magalimoto akuima

Mu Ogasiti 2023, ku Monterey m'chigawo cha California, kampani yogulitsa katundu pa okushoni ya RM Sotheby's idaika pamaso pa ogula chiphapha cha galimoto. Chidali chopindikapindika, chodyeka ndi moto ndi dzimbiri, chopanda matayala, chopanda mipando. Wogula zitsulo zakutha akadachiona, funso lake likadakhala limodzi: chikulemera makilogalamu angati? Chiphaphacho chidagulidwa madola 1.875 miliyoni.

Idali Ferrari 500 Mondial ya 1954, yomwe idathamangapo m'mipikisano ku Italy, kenaka n'kudzachita ngozi ndi kupsa m'zaka za m'ma 1960. Amene adaigula mutu wake umayenda bwinobwino. Adalipira nambala yodindidwa pachasisi, pamodzi ndi mapepala otsimikiza kuti nambalayo ndi ya galimoto inayake yomwe idatuluka m'fakitale ku Maranello chaka chakutichakuti, n'kuyendetsedwa ndi akutiakuti. Thupi, mipando, mawilo, zonsezo amisiri atha kupanga zina. Nambala ija ndi mbiri yake palibe angazisule.

Ndayambira pachiphapha chimenechi chifukwa chimaika pambalambanda zomwe zimabisika tikamaona magalimoto akale onyezimira ali pakapinga, atazunguliridwa ndi anthu ovala masuti. Magalimoto amenewa ndimawakonda, ndipo mitengo yawo ndimaitsatira chaka ndi chaka. Ndalama zankhaninkhani zomwe anthu akutulutsa akulipira mbiri, ndipo mbiriyo idapangidwa pamsewu, injini ikulira, dalaivala ali thukuta kamukamu. Tsono mitengo yomweyo ndi imene lero ikuchotsa magalimotowa pamsewu n'kukawatsekera m'nyumba zopanda mawindo, momwe mulibe wowaona kapena kuwamva. Zimenezi zimandiwawa. Ndikuona kuti eni magalimoto otere akudya mbewu, ndipo ife okonda zinthu zimenezi tikuwaombera m'manja.

Kuti timvane, tione kaye chomwe chimakweza mtengo. Ukalamba pawokha ulibe mphamvu. Ford Model T idapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, ndipo onse pamodzi adaposa 15 miliyoni. Idasintha moyo wa anthu wamba kuposa Ferrari iliyonse, ndipo ambiri mwa omwe atsala apitirira zaka 100, komabe lero munthu atha kupeza yoyenda bwino pamtengo wosaposa wa galimoto wamba yatsopano. Adangochuluka, basi.

Chiyambi cha mtengo ndi kusowa. Ferrari 250 GTO idapangidwa pakati pa 1962 ndi 1964, magalimoto 36 okha. Malamulo a mpikisano panthawiyo ankafuna kuti kampani ipange magalimoto 100 a mtundu umodzi mtunduwo usanaloledwe kuthamanga, koma Enzo Ferrari, mwini kampani ya Ferrari, adakakamira kuti GTO idangokhala 250 GT yakale yomwe aisintha apa ndi apo, ndipo akuluakulu a mpikisano adavomera. Yatsopano inkagulidwa madola 18,000 ku America, ndipo ngakhale ukhale ndi ndalamazo m'manja, unkayenera kuvomerezedwa ndi Enzo mwiniwake. Mu 2014 imodzi idapita pa madola 38.1 miliyoni pa okushoni ya Bonhams. Mu 2018 ina idafika 48.4 miliyoni, ndipo chaka chomwecho zidamveka kuti inanso yagulitsidwa kunja kwa okushoni pa madola 70 miliyoni. Pamwamba pa onsewa pali Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé ya 1955. Adapangidwa awiri okha, ndipo mu Meyi 2022 kampani ya Mercedes idagulitsa imodzi ku Stuttgart pa mayuro 135 miliyoni.

Komatu kusowa kuli mitundu iwiri. Alipo magalimoto ambiri osowa omwe adasowa chifukwa palibe adawafuna: kampani idapanga makumi angapo, idagwa, ndipo otsalawo akuwola popanda wowalirira. GTO idasowa itapambana. Idapatsa Ferrari ukatswiri wa dziko lonse wa magalimoto a GT zaka zitatu zotsatizana, 1962, 1963 ndi 1964. Mercedes W196 yomwe idagulidwa mayuro oposa 51 miliyoni mu Febuluwale 2025 ndi imene Juan Manuel Fangio adapambanira ku Buenos Aires mu 1955, ndipo Stirling Moss adaiyendetsanso ku Monza chaka chomwecho. Ngakhale galimoto yosasowa konse imatha kukwezedwa ndi mbiri. Ford idapanga ma Mustang mazanamazana a zikwi mu 1968, koma imodzi yobiriwira, yosuluka penti komanso ya dzimbiri, idagulidwa madola 3.74 miliyoni ku Florida mu Januwale 2020, chifukwa ndi imene Steve McQueen adaiyendetsa mufilimu ya Bullitt.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri pa zimenezi idachitikira m'khoti ku London mu 1990. Panali Bentley ina yotchuka ndi dzina loti Old Number One, yomwe idapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans kawiri, mu 1929 ndi mu 1930. Pambuyo pake idasinthidwasinthidwa kuti ipitirize kuthamanga, idachita ngozi yoopsa ku Brooklands mu 1932 yomwe idapha dalaivala wake, Clive Dunfee, ndipo idakonzedwanso. Patapita zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, kampani ina idagwirizana zoigula pa mapaundi 10 miliyoni, kenaka idabwerera m'mbuyo, ati zitsulo zambiri zomwe zili pagalimotoyo si zomwe zidapambana ku Le Mans. Woweruza adagamula mokomera wogulitsa. Adavomereza kuti zitsulo zidasinthidwa, koma adati mbiri ya galimotoyo sidadukepo: nthawi zonse padali galimoto imodzi yokha yodziwika ndi dzina limenelo, ndipo zitsulo zatsopano zidalowamo pang'onopang'ono, osaisandutsa galimoto ina. Taganizani bwino pamenepa. Khoti lidaona kuti kutha kwa zitsulo, ngozi ndi kukonzedwa ndi mbali ya chomwe galimotoyo ili.

Kampani ya Jaguar idatsimikiza mfundo yomweyi kuchokera mbali ina. Mu Febuluwale 1957 moto udabuka kufakitale yake ya Browns Lane ku Coventry n'kuwononga magalimoto asanu ndi anayi a XKSS mwa 25 omwe ankapangidwa. Mu 2016 kampaniyo idalengeza kuti ipanga asanu ndi anayi aja mwatsopano, motsatira mapulani akale, ndi manja, iliyonse pamtengo woposa mapaundi 1 miliyoni. Kampani ndi yomweyo, maonekedwe ndi omwewo. Koma XKSS yeniyeni ya 1957 idagulidwa madola 13.2 miliyoni mu 2023. Kusiyana konseko ndi mtengo wa zaka zomwe inayo idakhala m'dziko, kudutsa m'manja mwa anthu.

Ngati zili choncho, munthu ukadayembekezera kuti msika uzilemekeza galimoto yomwe ikupitiriza kupanga mbiri. Pa magalimoto a zaka zaposachedwapa zikuchitika ndi zosemphana. McLaren F1 ndi galimoto yomwe Gordon Murray adaipanga kuti dalaivala amve kukoma kwa kuyendetsa, mpaka mpando wake adauika pakati penipeni. Onse pamodzi adapangidwa 106. Mu Ogasiti 2021 imodzi, ya 1995, idagulidwa madola pafupifupi 20.5 miliyoni ku Pebble Beach m'chigawo cha California, ndipo chachikulu chomwe chidakweza mtengowo n'chakuti pa zaka 26 idali isanayende makilomita okwana 400. Galimoto yopangidwira kuyendetsedwa idalandira mphoto chifukwa chosayendetsedwa. Wogula aliyense wotere amadziwa kuti kilomita iliyonse yomwe angaonjezere ikumudyera ndalama, motero nayenso saiyendetsa, ndipo wodzagula pambuyo pake adzachita chimodzimodzi. Mbiri yonse ya galimoto imeneyo idzakhala mndandanda wa magalaja.

Ndipo musaganize kuti galimoto yoima ikusungika. Funsani makaniko aliyense, akuuzani kuti galimoto imafa ndi kukhala. Mphira wa mapaipi umauma n'kung'aluka. Petulo akakhalitsa amasanduka phula lotseka timabowo. Oyilo amatsikira pansi n'kusiya zitsulo za m'mwamba mwa injini zili gwa. Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi, dzimbiri n'kuyamba kudya m'kati momwe diso silifika, matayala n'kuphwatalala mbali yomwe yagunda pansi. Kunja penti ali waliwali, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lomwe wina adzafune kuiliza, adzayamba walipira amisiri kuti aiphwasule ndi kusintha zinthu zomwe ankanyadira kuti sizidasinthidwepo.

Ndimalemekeza anthu amene adakana kuchita mantha otere. Rowan Atkinson, yemwe ambiri timamudziwa ngati Mr Bean, adagula McLaren F1 yake mu 1997 ndipo ankayendera ngati galimoto ina iliyonse. Adachita nayo ngozi kawiri, mu 1999 ndi mu 2011, ndipo pa ngozi yachiwiriyo a inshulansi adalipira mapaundi 910,000 kuti ikonzedwe. Pomwe ankaigulitsa mu 2015 idali itayenda mamailosi pafupifupi 41,000, ndipo manyuzipepala adati idapita pa mapaundi pafupifupi 8 miliyoni, kuwirikiza kambirimbiri zomwe adagulira. Nick Mason, woimba ng'oma wa gulu la Pink Floyd, adagula 250 GTO yake mu 1977 pamtengo wosafika mapaundi 40,000, anzake akumuona ngati wotaya ndalama. Kuyambira pamenepo wakhala akuitulutsa, kuithamangitsa m'mipikisano ya magalimoto akale, ngakhalenso kulola madalaivala ena kuti aigwire chiwongolero. Anthu zikwizikwi omwe adamvapo kulira kwa GTO ndi makutu awo adakumva chifukwa cha eni ake a mtima wotere.

Chodabwitsa n'chakuti msika womwewo, ukafika pa magalimoto akale kwambiri, umavomereza kuti phindu la galimoto lili pa kuyenda. Chaka chilichonse, Lamulungu loyamba la Novembala, pamakhala ulendo wa magalimoto akale kuchoka ku London kupita ku Brighton, mtunda wa mamailosi pafupifupi 60, ndipo amaloledwa ndi okhawo omwe adapangidwa chisanafike chaka cha 1905. Zotsatira zake, galimoto yotsimikizika kuti ndi ya 1904 imadula kuposa inzake yofanana nayo ya 1905. Ku Italy, ulendo wa Mille Miglia, wochoka ku Brescia kukafika ku Rome n'kubwerera, umalandira mitundu ya magalimoto yomwe idathamanga nawo mpikisano weniweni pakati pa 1927 ndi 1957, ndipo ogulitsa salephera kutchula zimenezi galimoto yawo ikakhala yoyenerera. Ku Goodwood Revival, mpikisano wa magalimoto akale wa ku England womwe udayamba mu 1998, magalimoto a mamiliyoni amathamangitsana zenizeni, kupanikizana pamakona, nthawi zina kugundana. Ogula amalipira zambiri kuti apeze khomo lolowera m'zochitika zimenezi. Ndiye n'chifukwa chiyani pa magalimoto ena tikulemekeza kusayenda?

Pali zinthu zingapo zomwe wotsutsana nane anganene, ndipo choyamba ndi champhamvu ndithu. Mitengo yokwera ndi imene idapulumutsa magalimoto amenewa. M'zaka za m'ma 1960 galimoto yampikisano ikangopitirira nthawi yake inkaonedwa ngati chinthu chakutha. GTO ina idaperekedwa kusukulu ya sekondale ku Texas kuti ana aziphunzirirapo umakaniko, ndipo pambuyo pake idakhala zaka zoposa khumi panja, pa udzu, ku Ohio. Magalimoto ambiri abwino adathera kwa ogula zitsulo chifukwa kuwakonza kudali kodula kuposa kuwataya. Mtengo utakwera, anthu adayamba kuwafunafuna m'makola ndi m'magalaja, kufufuza mapepala awo, kulemba mbiri ya nambala iliyonse. Ndalama zomwezo ndi zimene zikudyetsa amisiri osula thupi la aluminiyamu ndi nyundo, osoka mipando ya chikopa, okonza makabyuleta, oluka mawilo a masipoko. Popanda mpondamatiki wolipira maola zikwi zingapo a ntchito yamanja, luso limeneli likadapita kumanda pamodzi ndi eni ake. Zonsezi ndikuvomereza ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake sindikudandaula za kukwera kwa mtengo pakokha. Koma onani kuti amisiri amenewa amapeza ntchito galimoto ikamayenda, ikamatha mabuleki, ikamafuna kuchunidwa usiku woti mawa kuli mpikisano. Galimoto yokutidwa ndi nsalu imapatsa ntchito mlonda ndi wa inshulansi.

Chachiwiri n'chakuti chinthu chosowa chotere sichiyenera kuikidwa pachiswe. Ikaphwanyika, ina ichokera kuti? Yankho lili pa GTO ya madola 38.1 miliyoni ija. Mu 1962, itangotha kumene kukhala yachiwiri pa mpikisano wa Tour de France wa magalimoto, idachita ngozi ku Montlhéry pafupi ndi Paris, ndipo dalaivala wake, Henri Oreiller, yemwe adalinso katswiri wa masewero otsetsereka pa chipale, adamwalira. Fakitale idaikonza, idapitiriza kuthamanga, ndipo mwini wake wina, Fabrizio Violati, adakhala nayo zaka zoposa 40 akuithamangitsa. Pomwe inkagulitsidwa mu 2014 idaphwanya mbiri ya mtengo wa galimoto iliyonse yomwe idagulitsidwapo pa okushoni kufikira nthawi imeneyo. Magalimoto a mpikisano a nthawi imeneyo adapangidwa ndi manja, ndipo manja atha kuwakonza. Sindikunena kuti aliyense athamangitse galimoto yake mosasamala, ndipo ilipo ina yofooka kapena yokhayokha padziko yomwe malo ake oyenera ndi m'nyumba yosungiramo zakale, momwe anthu angakaione. Imeneyo ndilibe nayo mlandu. Mlandu wanga uli ndi galimoto yomwe sikuyenda komanso sikuonedwa.

Chachitatu ndi chomwe chimatseka pakamwa anthu ambiri: ndalama ndi zake, katundu ndi wake, achite zomwe akufuna. Pamalamulo n'zoona. Koma mbiri yatisonyeza komwe kuunjika mobisa kumathera. Ku Mulhouse m'dziko la France, abale awiri, Hans ndi Fritz Schlumpf, eni mafakitale a nsalu, adasonkhanitsa mwakachetechete magalimoto oposa 400, mwa iwo ma Bugatti oposa 100. Bizinesi itagwa, eni ake adathawira ku Switzerland, ndipo mu Malichi 1977 antchito omwe adasiyidwa manja ali m'khosi adalowa m'nyumba momwe mudali chumacho n'kuchitsegulira anthu onse. Boma la France lidachiteteza ngati chuma cha dziko, ndipo mu 1982 malowo adatsegulidwa ngati nyumba yosungiramo magalimoto akale yomwe ilipo mpaka lero. Chakumadzulo kwa dziko lomwelo, Roger Baillon, mwini kampani ya mathiraki, adasonkhanitsa magalimoto ndi cholinga chabwino chodzawaonetsa, koma ndalama zitavuta adangokhala pansi pa zisakasa za malata kwa zaka makumi angapo. Pomwe pafupifupi 60 mwa iwo ankagulitsidwa ku Paris mu Febuluwale 2015, ambiri adali atadyeka moti kuwaona kudali komvetsa chisoni. Manyuzipepala adathamangira Ferrari 250 GT California yomwe idapezeka itakwiririka ndi milu ya magazini, yomwe kale idakhalapo m'manja mwa katswiri wa mafilimu Alain Delon, n'kugulidwa mayuro 16.3 miliyoni. Ine maso anga adali pa enawo, omwe mvula ndi dzimbiri zidawadya pang'onopang'ono mwini wake akuwakonda.

Tsopano ndilankhule ndi munthu amene samasamala za kulira kwa injini, amene akungoona galimoto yakale ngati posungira chuma. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo ng'oma imeneyi idang'ambikapo kale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndalama zidasefukira mumsikawu. Mu 1987 Bugatti Royale idagulidwa mapaundi 5.5 miliyoni ku Royal Albert Hall mu London. Enzo Ferrari atamwalira mu Ogasiti 1988, anthu adathamangira chilichonse chokhala ndi chizindikiro cha kavalo, ambiri ndi ndalama zangongole, ndipo ogula a ku Japan adali patsogolo. Pofika 1989 ndi 1990 GTO inkagulidwa madola oposa 10 miliyoni. Chuma cha Japan chitagwedezeka ndiponso ngongole zitayamba kuluma, ogula adasowa, ndipo patangopita zaka zitatu kapena zinayi galimoto yomweyo inkapita pa madola 3 kapena 4 miliyoni. Omwe adagula chifukwa chokonda adapitiriza kuyendetsa magalimoto awo n'kudikira. Omwe adagula ndi ngongole kuti adzagulitse mawa adagwira njakata.

Ngakhale m'zaka zabwino, masamu ake sakoma monga mitu ya nkhani imaonetsera. Galimoto sibala chiwongoladzanja monga ndalama za kubanki, ndiponso siipereka gawo la phindu monga masheya. Imangodya: inshulansi, malo osungira, makaniko, mayendedwe opita nayo kokaonetsa. Pa okushoni wogula amaonjezera komishoni ya pafupifupi 10 pa 100 iliyonse pamwamba pa mtengo womwe nyundo yagundira, ndipo kawirikawiri wogulitsa naye amadulidwa yake. Tikamva kuti galimoto ya madola 18,000 yafika 48 miliyoni timaiwala kuti tikumva za opambana okhaokha. Magalimoto omwe adabwerera kwawo osagulidwa chifukwa palibe adafika pamtengo womwe mwini ankafuna salembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Kulinso nkhani ya zachinyengo: pomwe nambala ya pachasisi ili ndi mtengo wa mamiliyoni, pamapezeka magalimoto awiri odzitcha nambala imodzi, ndipo n'chifukwa chake makampani monga Ferrari adatsegula nthambi zoyeza magalimoto akale ndi kupereka ziphaso.

China chomwe wosunga chuma ayenera kuchiopa ndi kusintha kwa mibadwo. Munthu akapeza ndalama amagula galimoto yomwe ankailakalaka ali mnyamata. Omwe ankalota magalimoto wamba a m'ma 1930 ndi m'ma 1950 akutha, ndipo mitengo ya magalimoto ambiri otere yafooka. Omwe adakula m'ma 1990 akufuna Toyota Supra ndi Nissan Skyline GT-R. Ku America lamulo limalola kuitanitsa mosavuta galimoto yakunja ikakwanitsa zaka 25, motero Skyline GT-R ya mtundu wa R34, yomwe idayamba kupangidwa mu 1999, idakwera mtengo pomwe chaka cha 2024 chinkayandikira. Apa ndi pomwe nkhani ya kudya mbewu ikuonekera bwino. Wodzagula GTO m'chaka cha 2060 lero ndi mwana. Ngati mwanayo sadzaionapo ikudutsa, sadzamvapo fungo la oyilo wotentha, sadzatsekapo makutu injini ya masilinda 12 ikukuwa, chidzamuchititse n'chiyani kuti adzatulutse mamiliyoni ake? Chilakolako chomwe chimanyamula mitengo yonseyi chimabadwira m'mphepete mwa msewu, ndipo aliyense wotsekera galimoto yake akudalira kuti anzake apitiriza kutulutsa zawo.

Ena amati magalimotowa tsopano ndi zaluso, monga zithunzi zojambula pamanja, ndipo mu 2019 khoti lina ku Bologna lidagamuladi kuti 250 GTO ndi ntchito yaluso yoyenera kutetezedwa kwa okopera. Sindikutsutsa. Koma chithunzi chikapachikidwa pakhoma chikugwira ntchito yake yonse. Galimoto imafanana kwambiri ndi chida choimbira. Mavayolini omwe Antonio Stradivari adapanga ku Cremona zaka zoposa 300 zapitazo amagulidwanso mamiliyoni, ndipo oimba ambiri sangawakwanitse. Eni ake ambiri, mabanki, mabungwe monga Nippon Music Foundation ya ku Japan, ngakhale anthu paokha, amawabwereketsa kwa oimba aluso kuti azimveka m'maholo. Amadziwa kuti chida chikhoza kugwa kapena kubedwa, amalipira inshulansi, n'kuchipereka ndithu. Mwambo umenewu ndi womwe ndikufuna utazika mizu pa magalimoto: amene ali ndi ndalama koma alibe luso kapena nthawi apeze dalaivala wodalirika, galimoto ituluke.

Ndiponso anthu wamba ali ndi pakamwa pa nkhaniyi kuposa momwe timaganizira, chifukwa maboma amachitira chifundo magalimoto akale m'dzina lawo. Ku Britain galimoto yoposa zaka 40 itha kuchotseredwa msonkho wa pamsewu, ndipo phindu lomwe munthu wapeza pogulitsa galimoto yake salidula msonkho womwe amadula pa phindu la masheya. Ku Germany galimoto ya zaka 30 yosungidwa bwino imalandira nambala yothera ndi chilembo H, yomwe imabwera ndi msonkho wokhazikika. Kufewetsa malamulo kotere, makamaka kwa nambala ya H, kudakhazikika pa ganizo loti magalimotowa ndi cholowa cha anthu onse. Kwa munthu wosunga kagalimoto kamodzi ka bambo ake, chifundo chimenechi n'choyenera ndipo chisakhudzidwe. Koma galimoto ya mamiliyoni makumi angapo ikamadutsa m'manja ndi m'manja popanda msonkho wa phindu, ndikuona kuti n'chilungamo kufunsa kuti anthu aione masiku angapo pachaka. Britain yomweyo ili kale ndi dongosolo lotere pa zithunzi ndi nyumba zakale, pomwe wolandira cholowa amakhululukidwa msonkho akalola anthu kudzaona.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe chidandipatsa chiyembekezo. Chionetsero cha Pebble Beach, chomwe chidayamba mu 1950, chakhala chikupereka mphoto yake yaikulu kwa magalimoto okonzedwa mpaka kuwala kuposa tsiku lomwe adatuluka m'fakitale. Mu 2024, kwa nthawi yoyamba, mphotoyo idapita kwa galimoto yosakonzedwa mwatsopano: Bugatti Type 59 ya 1934, yomwe idathamangapo m'mipikisano ikuluikulu kenaka n'kukhala ya Mfumu Leopold III ya ku Belgium. Penti wake ndi wokalikakalika, chikopa cha mipando n'chotha ndi kukhalidwa. Oweruza adayang'ana zipsera zimenezo n'kuziwerengera ngati ulemu. Oweruza akamapitiriza motero, ogula adzatsatira, chifukwa msikawu umayang'ana kwambiri zomwe zapambana pakapinga paja.

Za mayuro 135 miliyoni zija za Uhlenhaut Coupé, kampani ya Mercedes idati ndalamazo zipita ku thumba lothandiza achinyamata pa maphunziro okhudza chilengedwe, ndipo idalengezanso kuti wogulayo wavomera kuti galimotoyo izionetsedwa kwa anthu pa nthawi zapadera, inzake ikhalabe m'nyumba yosungiramo zakale ya kampaniyo ku Stuttgart. Ndi chiyambi chabwino. Koma tikumbuke kuti galimoto imeneyi idapangidwira mpikisano womwe sidathamange, chifukwa Mercedes idasiya mipikisano kumapeto kwa 1955, chaka cha ngozi ya ku Le Mans yomwe idapha anthu oposa 80. Idatchuka ndi dzina la Rudolf Uhlenhaut chifukwa injiniya ameneyu adatenga imodzi mwa ziwirizo n'kumayendera ngati galimoto yake ya kuntchito, m'misewu ya anthu onse. Ndikadakhala ine wolemba mgwirizano wogulitsawo, ndikadaonjezera mzere umodzi: kuti pa tsiku lililonse loionetsa, injini ilizidwe, ndipo galimotoyo ichoke pomwe yaima ndi mphamvu zake zokha.